Nkhondo ya ku Rymnik, 1789: Kodi Suvorov anaimenyadi yekha?

Muli bwanji nonse! Lero tili pa mtsinje wa Rymnik, ku Romania ya masiku ano. Musanakhazikike, dinani subscribe, salipira.

Choyamba, mwachangu: Russia inayamba kumenyana ndi ufumu wa Ottoman (wa anthu a ku Turkey) mu 1787, ndipo Austria inalowerera mu 1788 mbali ya Russia. Basi.

Chachiwiri: mu September 1789, nduna yaikulu ya Sultan, mfumu ya a Ottoman, ikubwera ndi chinamtindi cha asilikali kudzathana ndi gulu la Austria lotsogoleredwa ndi Josias wa ku Coburg (tizingomutchula kuti Coburg). Coburg anapempha thandizo kwa Alexander Suvorov, mkulu wa asilikali a Russia, ndipo mkuluyu anayenda makilomita pafupifupi 100 m'masiku awiri ndi theka, mvula ikukhuthuka, misewu ili matope okhaokha.

Chachitatu, apa ndiye pamandipsetsa mtima. Mumva ena akuti, "Suvorov ndi anthu 7,000 okha anagonjetsa asilikali 100,000." Iyayi, abale anga! A Russia analidi pafupifupi 7,000, koma nanga a Austria 18,000 aja mwawaika kuti? Pa asilikali anayi alionse a mgwirizanowu, pafupifupi atatu anali a Coburg. Pa 22 September, okwera pa akavalo a Ottoman ankabwera mobwerezabwereza kufuna kudula pakati pa magulu awiriwa, ndipo amene anatseka mpatawo ndi Karaczay, msilikali wa Austria, ndi anyamata ake. Pomwe a Russia amati nkhondo ya ku Rymnik, a Austria amati ya ku Martinești. Amene munaonera vidiyo yathu ya nkhondo ya ku Focșani mukukumbuka kuti kumenekonso Suvorov ndi Coburg anali limodzi. Nanga 100,000 aja? Ngakhale chiwerengerocho chitakhala choona, anali m'misasa yotalikirana, sanamenye nkhondo onse nthawi imodzi. Wotsutsa alembe mu ndemanga, ndimawerenga zonse.

Musandimve molakwa, Suvorov anali katswiri. Ndiye anaumirira kuti aputiretu adani m'malo mowadikira, ndipo ataona kuti maenje obisalamo a Ottoman a m'mphepete mwa nkhalango sanamalizidwe kukumba, anatumiza akavalo kuti angowalumpha. A Ottoman anabalalika, ambiri n'kumira powoloka mtsinje.

Chachinayi: Catherine II, mfumukazi ya Russia, anamupatsa Suvorov dzina laulemu lakuti Rymniksky, Joseph II, mfumu ya Austria, n'kumukweza Coburg kukhala field marshal, udindo wapamwamba kwambiri wa usilikali.

Sabata yamawa tikugwetsa linga la Izmail, 1790. Dinani kabelu kuti isakupiteni, ndipo tumizirani mnzanu wokonda makani uja.