Khofi Saphikidwa Ngati Tiyi

Zikomo a wapampando. A gulupu, mafumu, amayi ndi abambo, inu ochokera m'maofesi a pa boma, aphunzitsi, anamwino, ndi inu amayi a m'matiyirumu a pamsika, ndakuonani nonse. Asalaam aleikum. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino, ndikweza mawu, galimoto zikusokosa pamsewupa.

Ine ndagwira ntchito ya kukhitchini zaka zambiri m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanjamu, kuyambira cha ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Ndinayamba ndi kutsuka makapu. Tsiku loyamba kundituma khofi, ndinachita zimene mayi anga ankachita ndi tiyi: madzi m'poto, khofi momwemo, mkaka, shuga, n'kusiya zibwate mpaka fungo kufika panja. Mlendo anangolawa kamodzi, kapu n'kuikankhira uko. Mkulu wa kukhitchini anandiitana nati, “Mwana iwe, khofi saphika, amachita kuviika.” Mawu amenewo ndi amene ndabwera nawo lero, chifukwa ndikalowa m'maofesi mwanu ndimapeza cholakwa changa chija chidakalipo. Kenako mumati khofi ndi wowawa, ndi wa azungu, bola tiyi.

Tiyambe ndi za azunguzo. N'zoona mbewuyi inabwera ndi iwo. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamalira munda wa mishoni ya Blantyre, anabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh, ndipo khofi anafala ku Blantyre ndi ku Zomba tiyi ndi fodya zisanatchuke, moti chizindikiro cha boma la atsamunda panthawiyo chinali ndi mtengo wa khofi. Koma lero amalima ndani? Alimi ang'onoang'ono a ku Misuku ku Chitipa, a ku Phoka ku Rumphi, a kumapiri a Nkhata Bay ndi Mzimba, amene khofi wawo mumamuona m'mapaketi olembedwa Mzuzu Coffee. Ku Thyolo kuli Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, ili ndi tiyi ndi khofi yemwe. Ndipo inu a ku Namwera musakhale chete, esiteti ya khofi ya Ngapani ili m'boma lathu lomwe lino la Mangochi. Kuno kunyanja sangachite bwino ayi, tili pansi kwambiri ndipo kukutentha. Khofi wa mtundu wa Arabica, amene timalima ku Malawi, amafuna kumtunda kozizira, mamita oposa 1,000. Ndiye taganizani, khofi akuchoka kumapiri kwathu konkuno kupita kunja, anthu akumuyamikira kumeneko, ife eni ake tikumwa za m'chitini zochokera ku Joni.

Sindikunyoza za m'chitini. Mlonda wausiku amene ali ndi kapu ndi fulasiki basi, khofi wosungunuka uja amamuthandiza. Koma mudziwe chimene mukugula. Tembenuzani chitini muwerenge. Zitini zina, monga Ricoffy, ndi khofi wosakaniza ndi chikore (chicory), muzu wa chomera china umene amaukazinga kuti ufanane ndi khofi. Si poizoni, ena amaukonda, koma musamati mwamwa khofi yekhayekha. Khofi wosungunuka anaphikidwa kale kufakitale n'kuumitsidwa, n'chifukwa chake amasungunuka osasiya masese. Wogaya uja, wa m'paketi, ndi njere zokazinga zimene angozipera. Sasungunuka, ngakhale mutatakasa mpaka mawa. Mwezi wathawu achimwene ena, sinditchula ofesi, anabweza paketi kusitolo ati ndi yoonongeka chifukwa yasiya matope pansi pa kapu. (Kuseka) Musaseke, ambiri a inu mukanachita chimodzimodzi.

Tsopano kagulidwe. Vuto la muofesi ndi lakuti ndalama ikapezeka mumafuna kugula wambiri nthawi imodzi kuti afike kumapeto a chaka. Shuga mutha kutero. Khofi wogaya ayi. Mukangotsegula paketi, mpweya umayamba kumudya, fungo limathawa, ndipo ndi kutentha kwa kuno, makamaka Okutobala ndi Novembala, pakatha milungu iwiri kapena itatu mwatsala ndi utuchi. Gulani paketi yaing'ono, ya magalamu 250, ithe, mugule ina. Amene amapita ku Blantyre kapena ku Zomba pa ntchito, mutumeni, koma asabwere ndi katoni.

Mukatsegula, mutsanulireni m'botolo louma lotsekeka bwino, muike mukabati momwe simufika dzuwa. Osati pawindo. Osatinso pafupi ndi sopo, palafini kapena kaphukusi ka usipa kamene mwagula kuti mupite nako kunyumba madzulo, chifukwa khofi amakoka fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho. Ndinamwapo khofi wonunkha utaka, sindifuna kubwereza. Mufiriji musaikemo: mukamatulutsa ndi kubwezera, botolo limachita thukuta, chinyezi n'kulowa. Ndipo inu amene mumatakasa kapu kenako supuni yonyowa yomweyo n'kuipisa m'chitini, ndinu amene mumaumitsa khofi kukhala mwala. Supuni yotungira ikhale yakeyake.

Pano ndiye pagona nkhani, kapangidwe. Simufunika makina. Ndabweretsa ketulo, jagi, supuni yaikulu ndi sefa ya tiyi, zinthu zimene zili muofesi iliyonse.

Muyezo wake ndi magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi. Sikelo mulibe, ndikudziwa. Ndiye gwirani izi: masupuni aakulu awiri pa kapu imodzi. Anthu asanu, masupuni khumi. Mukachepetsa kuti paketi ikhalitse, mumwa madzi ofiirira, kenako mudzathira shuga masupuni anayi kuti mumve kanthu.

Wiritsani madzi okha, opanda kanthu. Akawira, tsitsani ketulo, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 40 kapena 60. Madzi obwata amakhala pafupi ndi madigiri 100, pamene khofi amafuna pakati pa 90 ndi 96. Mukatero thirani pang'ono kaye pa khofi mujagimo, kungomunyowetsa. Muona akufufuma, akuchita thovu. Thovu limenelo ndi umboni wakuti khofi ndi watsopano. Akangokhala zii ngati dothi, ndiye kuti anagona kalekale pashelefu. Kenako thirani madzi onse, takasani kamodzi, vundikirani ndi mbale. Mphindi 4. Yang'anani pa foni, musamayerekeze, chifukwa mphindi 4 za munthu amene akucheza ndi mphindi 15.

Chifukwa chake n'chiyani? M'njere ya khofi muli zinthu zosiyanasiyana, ndipo sizituluka nthawi imodzi. Zonunkhira ndi zokoma zimatuluka msanga. Zowawa zimatuluka mochedwa, ndipo moto ukachuluka zimatuluka zambiri. Mukabwatitsa pamoto, zonunkhira zimapita ndi nthunzi, ofesi yonse imanunkhira bwino, koma m'kapu mwatsala zowawa zokhazokha. Mwadyetsa mphuno za anthu odutsa pakhonde, inu n'kumwa makala.

Mphindi 4 zikakwana, sefani. Sefa ya tiyi ikakhala ya mabowo aakulu, yalanipo kansalu koyera, kochapidwa popanda sopo wonunkhira, kakhale ka ntchito imeneyo basi. Ena mwaona m'malo ogona alendo kajagi kagalasi kokhala ndi chotsindira, timati pulanja. Ndi njira yomweyi, kungoti sefa ili m'kati. Ofesi ikakhala ndi ndalama igule, koma yachitsulo, chifukwa yagalasi simaliza mwezi pamalo pamene pali manja ambiri.

Eee, mayi, funsani. ... Akufunsa za magetsi akazima. Mbaula ilipo, makala alipo, madzi sadziwa kuti awira ndi chiyani. Koma chenjezo ndi ili: ngati mukupanga wa m'mawa wonse, sefani kaye, kenako muthire mufulasiki. Musasiye masese m'katimo, chifukwa amapitiriza kutulutsa zowawa zija. Fulasikiyo muyambe mwaitsuka ndi madzi otentha. Ndipo khofi akazizira musamubwezere pamoto. Bola mumumwe wozizira, kunja kukutentha kale.

Madzi nawo ndi nkhani. Kapu ya khofi pafupifupi yonse ndi madzi, ndiye madzi akakhala oipa palibe chimene mungachite. Ena mijigo yanu imatulutsa madzi amchere, mumadziwa nokha momwe amakanira sopo. Amenewo amapha kukoma, ndipo amasiya zoyera zolimba m'ketulo. Ngati kuli mpopi kapena mjigo wina wa madzi abwino, tungani kumeneko. Madzi apampopi akamanunkha mankhwala, atungeni madzulo agone m'ndowa yovundikira ndi nsalu, fungo limachepa. Zoyera za m'ketulo zimachoka mukawiritsamo madzi osakaniza ndi viniga kapena mandimu, n'kutsukuluza bwino. Mandimu ali mbwee pamsika.

Amene mwapatsidwa njere zosakazinga ndi abale a kumapiri, kazingani m'chiwaya ngati mtedza, moto wapakati, osasiya kutakasa. Mumva zikuthetheka. Zikafiira ngati chokoleti phulani, ziziziritseni pa lichero, musadikire kuti zide bii. Sinjani mumtondo zokwanira masiku ochepa, ndipo zisasalale ngati ufa woyera, zikhale ngati mchenga wa kunyanja. Mtondowo usakhale umene munasinjira tsabola dzulo.

Ndinene za ndalama, chifukwa ndi pamene maofesi amadana. Paketi ya magalamu 250, pa muyezo umene ndanenawu, imatulutsa makapu pafupifupi 20. Anthu anayi, kapu imodzi patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, yatha. Si zotchipa, sindikunamizani. Ndiye khalani pansi muwerengere, mudziwe mtengo wa kapu imodzi, aliyense asonkhe molingana ndi mmene amamwera. Kope likhalepo, wosunga ndalama akhale wina, wogula wina. Amene amamwa tiyi musamukakamize kusonkhera khofi wanu. Ndipo ichi ndinena ngakhale mabwana muli pompano: ine sindikondwera kuona amesenjala akuwiritsa madzi, akutsuka makapu a aliyense, koma iwo osalawako. Kapena alowe m'gululo pa mtengo wotsika, kapena aliyense atsuke kapu yake. Alendo a bwana nawo asamwere m'thumba la osonkha. Ofesi igule paketi yawo.

Za thupi mwachidule, anamwino ali apawa andikonze ndikalakwa. Chimene chimachotsa tulo mu khofi ndi kafeini. Munthu wamkulu wathanzi asapyole mamiligalamu 400 patsiku, ndiwo makapu atatu kapena anayi. Amayi oyembekezera ndi theka la pamenepo, kapu imodzi kapena ziwiri, ndipo akafunse kusikelo. Kafeini amachedwa kutuluka m'thupi: pakatha maola pafupifupi asanu, theka amakhala adakalimo. Ndiye kapu ya 4 koloko madzulo ndi imene imakupangitsani kumva mafunde usiku wonse. Amene mtima umagunda kwambiri, a BP, a zilonda za m'mimba, yambani mwafunsa kuchipatala. Chinanso chimene ambiri sadziwa: khofi ndi tiyi zimalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'chakudya. Kuno kuchepa magazi ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, ndiye musatsitsire nsima ndi khofi, papite ola limodzi. Abale athu a Chisilamu, nthawi ya Ramadan amene munazolowera kapu ya m'mawa mutu umawawa masiku oyamba. Yambani kuchepetsa kudakali sabata imodzi kapena ziwiri.

Inu amayi a m'matiyirumu, musaope kuyesa. Madalaivala a minibasi za ku Monkey Bay ndi asodzi ochokera kunyanja m'bandakucha, ena a iwo angalipire kapu ya khofi weniweni ndi mandasi. Yambani ndi jagi imodzi muone.

Madzi aja awira. Achimwene, tsitsani ketuloyo, tiwerenge limodzi mpaka 40. Tipanga majagi awiri: iyi ndiibwatitsa dala ngati mmene ndinachitira tsiku langa loyamba, inayo tiviika mphindi 4. Makapu ndi ochepa, tiyambe ndi a gulupu, kenako mzere wa kumanzereku. Shuga ali apo, koma kamodzi koyamba lawani musanathire.