Chimene chikuwononga mayina mu kaundula wathu wa pa kompyuta

Zikomo a wapampando. Amayi ndi abambo, mukudziwa kuti kaundula wa bungwe lathu la maliro kuno ku Johannesburg tinamuika mu database, nkhokwe ya mayina ya pa kompyuta. Ena mwadandaula kuti pamene payenera kulembedwa Malaŵi pakutuluka MalaÅµi, pena Mala?i. Mlembi wathu musamunene, sanalakwitse kutayipa.

Kompyuta simasunga zilembo, imasunga manambala. Chilembo chilichonse chimapatsidwa nambala yake motsatira mndandanda, monga ASCII, Latin-1 kapena UTF-8. ASCII ya mu 1963 inali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi basi. Latin-1 inafikitsa pa 256, ndipo ê ndi ë analowamo, n'chifukwa chake anzathu olemba Afrikaans savutika kwenikweni. Koma ŵ wathu wa kachipewa mulibe, ḓ wa Chivenda mulibenso. Zonsezi zimakwana mu UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992.

Tsono mvetsetsani apa. Mbali zilipo ziwiri: client, pulogalamu imene mlembi amalembera, ndi seva imene imasunga. Mu UTF-8, ŵ amalembedwa ndi ma byte awiri, kutanthauza manambala awiri, C5 ndi B5. Client ikatumiza awiriwa koma seva n'kumayesa kuti ndi Latin-1, imawerenga lililonse palokha, n'kupeza Å ndi µ. Pamenepo musade nkhawa kwambiri, manambala akadalipo ndipo wodziwa angabwezeretse dzinalo. Chimene chimandiwawa ine ndi chizindikiro cha funso chija. Chimabwera pamene seva yamva bwinobwino kuti ndi ŵ, koma tebulo lake losungiramo mayina ndi la Latin-1, ilibe pomuika. Chikasungidwa chotero, chilembo chapita, mpaka mukafunse mwini dzina. Nanga ngati mwini dzinayo ndi amene tikukonza zomutumiza kumudzi?

Achinyamata amene mukusamala makinawa, MySQL, pulogalamu ya database, isanafike pa 8.0 inkayamba ndi latin1 ngati simunasinthe. Ndipo chimene MySQL imatcha utf8 chimalekeza pa ma byte atatu, emoji ya ma byte anayi imakanika. Sankhani utf8mb4, imene ilipo kuyambira 2010. Kusintha tebulo kokha sikukwanira, client nayo iuze seva polumikizana kuti SET NAMES utf8mb4. Musanakhudze chilichonse, sungani kaye backup, kope lina la kaundula yense.

Poyesa, lembani Malaŵi, kenako mukawerenge ndi pulogalamu ina, chifukwa client imene yalemba molakwika imathanso kuwerenga molakwika chimodzimodzi n'kukuonetsani dzina looneka labwinobwino. Amene muli ndi mafunso, kwezani manja.