Do re mi pa waya umodzi

Mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti ma chord atatu unaloweza, koma oyimba akangosintha kiyi iwe umangoti kakasi. Tenga gitalayo ukhale pansi, foni uyiike pampando, uzichita zimene ndikunenazi.

Yamba watchuna. Kuchokera pa waya wonenepa uja wam'mwamba kutsika nawo, mayina ake ndi E, A, D, G, B, E. Watchuna? Chabwino. Lero mawaya asanu enawo uwaiwale. Tigwira umodzi wokha, wa G, wachitatu ukamawerenga kuchokera pansi.

Ukhudze osadina paliponse. Ameneyo ndi do, do yemwe uja munkayimba ku kwaya ya Sande sukulu. Tsopano dina pa fret 2, ndiye re; ma fret ndi timipata tija ta pakati pa tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, timawerenga kuyambira kumutu. Fret 4, mi. Fret 5, fa. Waona apo? Kuchoka pa mi kupita pa fa tayenda fret imodzi yokha, pomwe kwinaku timalumpha ziwiriziwiri. Pitiriza: 7 ndi so, 9 ndi la, 11 ndi ti, 12 wafikanso pa do, koma wam'mwamba. Nchifukwa chake magitala ambiri ali ndi timadontho tiwiri pa fret 12, mawu abwerera kwawo.

Kayendedwe kake ndi aka: ziwiri, ziwiri, imodzi, ziwiri, ziwiri, ziwiri, imodzi. Uzinena pakamwa ngati mwana wa sitandade 1 akuloweza mawerengero. Ukayambira pa waya wa D osadina, masitepe ake ndi omwewo, ndipo zimene zituluke ndi kiyi ya D. Ukamayenda uziyimba ndi pakamwa, do re mi, ngakhale mawu ako ali osasa. Khutu liyambe kuzolowera chala chisanazolowere.

Tsopano za ma chord ako aja. Chord ndi mawu atatu olira limodzi, ndipo kuwasankha kwake umatenga liwu limodzi, kulumpha lotsatira. Do, mi, so. Mu kiyi ya G amenewa ndi G, B ndi D, ndiye chord ya G imene umagwira ija. Zala zitatu, mawaya asanu ndi limodzi, koma mawu ndi atatu okha, ena angobwerezedwa. Yambira pa fa, upeza fa, la, do, ndiye C yako ija. Yambira pa so, upeza so, ti, re, ndiye D. Tsono G, C ndi D unalowezazo ndi nambala 1, 4 ndi 5 za banja limodzi. Pali wachibale winanso, nambala 6, woyambira pa la. Mu G ameneyu ndi E minor, uja amamveka ngati wachisoni.

Ine zinandionekera ndili wamng'ono kuposa iwe. Mayi wina wotsogolera nyimbo anayiyamba pamwamba kwambiri, ine ndikumenya G yanga ndi mtima wonse, anthu akungonditembenukira. Ndinazimitsa mawu, nkumangogwedeza dzanja kuti ndioneke ngati ndikuyimba.

Zoterozo zikakuchitikira, saka do. Nthawi zambiri ndi mawu amene nyimbo imathera, pamene imakhala ngati yafika pakhomo. Ang'ung'udze chamumtima, uziyendetsa chala pa waya mpaka agwirizane. Tinene wapeza kuti do ndi D. Kwera ma fret asanu, wapeza fa, ndiye G. Kwera awiri ena, so, ndiye A. Ma chord ako ndi D, G ndi A, basi.

Chimodzi chokha uloweze kuti usasokere powerenga. Pakati pa E ndi F, komanso pakati pa B ndi C, pali fret imodzi. Malembo ena onse atalikirana ma fret awiri, ndipo wapakatiyo ndi uja amati sharp kapena flat.

Sabata ino mphindi khumi patsiku, waya wa G wokha, kukwera ndi kutsika. Zikhadabo za kumanzere uwenge. Loweruka unditumizire ukuyimba do re mi kuyambira pa waya wa A, undiuzenso ma chord ake atatu. Ndisakuuze ine.