Mbozi za agogo a ku Gainesville

Moni nonse, a kumudzi ndi a kuno kunja. Ndikulankhula kuchokera ku Gainesville, ku Florida. Ndangoweruka kumene, ndiye mawu akamamveka otopa mundikhululukire.

Sabata yatha ndinatsala pang'ono kuyambana ndi agogo amene ndimawasamalira, nkhani yake mbozi. Kuseri kwa nyumba yawo kuli chomera choyanga pampanda, chachibale ndi magalagadeya athu aja. Ndinapeza masamba atadyekadyeka, mbozi zoyera zaminga yakuda zili mbwee. Mwana wa mlimi ine, ndinangovula patapata kuti ndithane nazo. Agogo anakuwa pawindo ngati aona mbava. Amvekere chomeracho anadzalira mbozizo, dala!

Mbozi zimenezi zimasanduka gulugufe amene kuno amati zebra longwing, wamapiko aatali akuda, amizere yachikasu ngati ya mbidzi. Mu 1996 anamusankha kukhala gulugufe woimira Florida yonse. Eetu, kuno ndi gulugufe yemwe ali ndi udindo.

Atatera pa duwa ndinamuyang'anitsitsa. Amaima ndi miyendo inayi yokha, iwiri yakutsogoloyo ndi ting'onoting'ono taubweya topindikira pachifuwa. Anzake ambiri amangomwa timadzi ta m'maluwa n'kufa pakatha milungu yochepa, koma uyu amadyanso mungu, ndiye amakhala miyezi ingapo. Mbalame sizimufuna chifukwa ali ndi poizoni, n'chifukwa chake amauluka mosatekeseka, ngati bwana woti sathamangira basi. Okonda mphalabungu inu, mbozi za kuno musayerekeze.

Koma chimene chandikhudza ndi cha madzulo. Dzuwa likapendeka amabwera mmodzimmodzi pa kanthambi kouma, komwekomweko tsiku ndi tsiku, n'kulendewera pamodzi mapiko atapinda mpaka kucha. Tsiku loyamba ndinawerenga 12. Ine ndimagona ndekha m'chipinda cha lendi, wa khomo loyandikana nane dzina lake sindilidziwa, ndipo Amalawi anzanga timaonana pakagwa maliro kapena pa 6 July. Ndinaima pompo, patapata likadali m'manja, mpaka udzudzu unandithamangitsa.

Masiku ano agogo akatha kudya ndimawakankha panjinga yawo kupita pakhonde kuti tikawerenge limodzi. Dzulo ndinapeza 11. Iwo akuti ine sindidziwa kuwerenga, ndiye mawa tikabwerezanso atavala magalasi.