Chindudu chija cha cigar: zomwe adayankhula mkulu wina pabwalo ku Thondwe

Zikomo amfumu pondipatsa mpata. Azibambo ndi azimayi, ndakupatsani moni. Achinyamata amene mwakhala pansi pa mtengo uko, senderani kuno, pajatu nkhaniyi mudaiputa ndinu.

Sabata yatha anyamata atatu adandiimitsa pamsika wathu wa Thondwe, foni ili m'manja. Adandionetsa munthu wovala suti, pakamwa pali chindudu chonenepa kuposa chala chachikulu. Amvekere, "Agogo, inu mwakalambira m'fodya, chimenechi amayamba bwanji kusuta?" Ndidati ndidzayankha pagulu, makolo anu akumva.

Dzina lake ndi cigar. Ndudu ya m'golosale ndi fodya wodulidwa tizidutswa, wokulunga m'pepala. Cigar yeniyeni ilibe pepala, ndi tsamba lokhalokha. M'kati muli masamba opindapinda, kenako tsamba lowamanga, ndipo pamwamba amakutira tsamba losalala, lopanda bowo kapena banga. Amene mudakhalapo pamphasa n'kumasankha fodya mukudziwa kuti tsamba lotero silipezeka wambawamba.

Kwawo kwenikweni ndi ku Cuba, makamaka dera la Pinar del Río, komanso ku Dominican Republic, Nicaragua ndi Honduras. Muno mu Africa, Cameroon ndiye amadziwika ndi tsamba lokutira pamwamba lija. Ife kuno ku Zomba fodya tidayamba kale kulima, kuyambira nthawi ya mzungu wa ku Scotland uja, John Buchanan, dziko lino lisanatchedwe n'komwe Nyasaland. Koma fodya wathu wa bale amene timatumiza ku okushoni ku Limbe, wambiri amakathera m'ndudu wamba.

Tsono apa alimi anzanga mumvetsetse, chifukwa ine mpomwe pamandisangalatsa. Tsamba la cigar amaliumitsa ndi mpweya m'chigafa, monga timachitira ndi bale, kwa mwezi ndi theka kapena iwiri. Likauma amaliunjika chimulu chachikulu lili lofewa. Ifetu fodya akayamba kutentha m'mulu mtima umagunda, timati ndalama zaola. Iwo kutenthako ndi kumene akufuna. Amakuyeza, kukafika pamene akufuna amapasula mulu, a m'kati n'kupita kunja, a kunja n'kulowa m'kati, n'kuunjikanso. Amatero kangapo mpaka ukali wa tsamba utachepa, fungo litasintha. Akatero amadinda mabelo n'kusunga, mwina zaka ziwiri, mwina kuposa. Pomaliza munthu amakulunga ndi manja, imodziimodzi. Mtengo wake ukamakwera, chifukwa chake n'chimenecho. Luso limenelo ine ndimalilemekeza, sindibisa.

Kusunga kwake nakonso n'kovuta. Imafuna chinyezi cha pafupifupi 70 pa 100, n'chifukwa chake eni ake amaisunga m'kabokosi kamatabwa kotchedwa humidor. Kuno mukaisiya pawindo mu Okutobala imauma n'kung'aluka. Mu Januwale, mvula ikamakhuthuka m'phirimu, imachita chuku.

Funso lanu lija linali la kasutidwe. Mbali yopita pakamwa imakhala yotseka, ndiye amadula kansonga pang'ono chabe, akapitirira tsamba lakunja limamasuka. Poyatsa saviika m'moto, amaizunguliza pamwamba pa lawi mpaka m'mphepete monse mutagwira. Amakoka kamodzi, n'kudikira mwina mphindi yathunthu. Utsi saumeza, amausunga m'kamwa n'kuutulutsa. Imodzi yapakatikati imatha mphindi 45 kapena ola. Woyamba kumene, makamaka ali ndi njala, amachita chizungulire, thukuta lozizira, nseru, ena mpaka kusanza.

Amayi, chizungulire chimenecho mukuchidziwa. Ndi chomwe chija chimakugwirani mukamathyola fodya m'mawa mame asanaume, manja ndi zovala zitanyowa. Ndi nikotini, mankhwala opezeka m'tsamba la fodya. Kumunda amalowera pakhungu.

Ndiye anyamata aja adati, "Agogo, poti utsi sumeza, ndiye kuti ilibe vuto." Ana anga, apa mpamene ndidaitanira msonkhano uno. Ngati nikotini amaboola khungu la padzanja, lolimba ndi khasu, angalephere kanyama kofewa ka m'kamwa? Utsi wa cigar umasiyana ndi wa ndudu, nikotini wake amalowa mosavuta kudzera m'kamwa momwemo, osafikanso kumapapo. Chibaba chimabwera ndithu. Komanso ndudu imodzi fodya wake sakwana galamu imodzi, pamene cigar yaikulu imatha kukhala ndi fodya wofanana ndi paketi yonse ya ndudu 20. Munthu amati ndasuta imodzi yokha, pomwe wamaliza paketi.

Kutenthetsa m'mulu kuja, kumene kumakometsa fungo, kumachulukitsanso mankhwala ena oyambitsa khansa m'tsambamo. Utsi umayamba wakhudza milomo, lilime, nkhama ndi pakhosi, ndipo malovu amene mukumeza amatsitsira zonsezo kummero. Khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kummero imawapeza osuta cigar ngakhale asameze utsi. Dziko lathu lino lili kale m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Ambiri pano tidadwazikapo munthu amene adayamba kulephera nsima, kenako phala, kenako madzi amene. Ine ndidaziona ndi maso angawa, sindifuna kudzazionanso pa mmodzi wa inu.

Bungwe la zaumoyo la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ena mwa iwo sadasutepo, adangopuma utsi wa anzawo. Chindudu choyaka ola lathunthu m'nyumba ya chipinda chimodzi, mwana ali pamphasa, mayi ali woyembekezera, ganizani nokha. Boma lathu nalo mu 2023 lidalowa m'pangano la maiko lochepetsa kusuta, ngakhale fodya ndiye amatibweretsera ndalama zakunja zambiri.

Fodya adandiphunzitsira ana, adandigulira malata. Sindingamunyoze. Koma mukandifunsa ine kuti muyambe bwanji, yankho langa ndi lakuti musayambe. Ngati chakukopani ndi luso la tsamba, bwerani kuchigafa kwanga nyengo yosankha, ndidzakuonetseni kusiyanitsa tsamba lapansi ndi lapamwamba, ndi kudziwa chinyezi pongoligwira.

Azibambo anzanga a chingambwe ndi kaliwo, nanunso agogo aakazi amene mumaika fodya kunsi kwa mlomo, musaganize kuti ndimanena ana okha. Chilonda cha m'kamwa chikatha masabata atatu osapola, kapena mwaona banga loyera palilime, mawu asasa osabwerera, kapena chakudya chayamba kukakamira pakhosi, musadikire. Pitani kuchipatala chapafupi akakuoneni, ngati n'kofunika akutumizani ku Zomba Central.

Amfumu, ndaona mayi akweza dzanja kumbuyo uko. Yankhulani mayi, tikumva.