Makalata a omvera: Yesaya 53 ndi botolo la mankhwala

Takulandiraninso, omvera athu. Makalata achuluka sabata ino.

Bambo a ku Mchinji, mwafunsa kuti mugule Baibulo liti, Buku Lopatulika la 1922 kapena Buku Loyera la 1998. Ngati thumba likulola, gulani onse awiri. Pamene Chichewa chakale chakuvutani, chatsopanocho chikumasulirani.

Koma kalata imene yandisowetsa tulo ndi ya mayi a ku Balaka. Akuti: "Mng'ono wanga wasiya kumwa ma ARV. Mlaliki wina anamuwerengera Yesaya 53:5, kuti ndi mikwingwirima yake ife tinachiritsidwa, n'kumuuza kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro. Pano waonda, sakudzuka."

Pepani mayi anga, mtima wandiwawa. Mawa m'mawa mupite naye kuchipatala, botolo lili m'manja, ndipo mupemphere muli m'njira. Vesilo, mukaliwerenga lonse, likuyamba ndi zolakwa zathu ndi mphulupulu zathu. Petro atalitchula pa 1 Petro 2:24 ankanena za machimo amene Yesu anasenza pamtengo. Paulo yemwe, amene Mulungu anachiritsa anthu kudzera mwa iye, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20), ndipo Pauloyo anatchula mnzake Luka kuti sing'anga wokondedwa. Kodi onsewa analibe chikhulupiriro?

Abusa ndi alaliki anzanga, ndiloleni ndikudzudzuleni pang'ono, chifukwa iyi si kalata yoyamba yotere. Mukuthyola vesi ngati chimanga cha m'munda mwa eni, osayang'ana phesi lake. Ngakhale Satana anatchula Salimo 91 pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi. Mawuwo anali a m'Baibulo ndithu, koma Yesu anakana kuyesa Mulungu. Musanaime pa guwa, werengani mutu wonse, mufunse kuti analemba ndani, ankalembera ndani, zinthu zili bwanji. Inunso akhristu, Baibulo lisamangokhala m'khwapa. Anthu a ku Bereya ankafufuza m'malembo tsiku ndi tsiku, pamene wolalikayo anali Paulo!

Mnyamata wa ku Kasungu, ukuti abusa ako amalalikira maola atatu. Mwana wanga, uwakumbutse mwaulemu za Utiko wa pa Machitidwe 20, amene anawodzera n'kugwa pazenera Paulo atatalikitsa ulaliki. Iweyo uzikhala kutali ndi zenera.

Mayi a ku Balaka, mudzatilemberenso, timve kuti wodwalayo ali bwanji.