Mvula ikugwa ndithu, koma thanki ikusunga?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno ali pa Yeremiya 2:13, paja Yehova akudandaula kuti anthu ake asiya kasupe wa madzi amoyo n'kudzikumbira zitsime zong'aluka zosakhalamo madzi. Musanatuluke m'nyumba, kayang'aneni thanki yanu. Ambirife sabata ino tafika Lachitatu kukhosi kuli gwa, chonsecho Lamulungu tinamva uthenga mpaka kugwetsa misozi. Madziwo apita kuti?

Kuti timvetse, tiyeni titengere chitsanzo pa chilumba china. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar pali chilumba cha Ngazidja, chachikulu mwa zilumba za Comoros, kumene kuli likulu lawo la Moroni. Mbali yaikulu ya kumwera kwa chilumbachi inadzadza ndi phiri lamoto la Karthala, lotalika mamita 2,361. Ku Moroni mvula imapitirira mamilimita 2,500 pa chaka, pamene Lilongwe safika ndi 1,000 yomwe, ndipo m'mwamba mwa phirilo imagwa yoposa pamenepo. Koma yendani chilumba chonsecho, simupeza mtsinje woyenda chaka chonse. Pansi pake ndi chiphalaphala chouma, miyala yakuda yodzadza timabowo ndi ming'alu. Mvula ikangogwa imalowa pansi, dzuwa likamatuluka n'kuti pamwamba pauma kale.

Wofuna kukwera Karthala amayambira m'mudzi wa Mvouni kapena ku Boboni, ndipo nyengo yabwino ndi yachilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Amanyamuka kusanache, tochi m'manja, ndi munthu wa komweko wodziwa njira, chifukwa nkhungu ikatsika tinjira tonse timafanana. Kukwera kumatenga maola pafupifupi 7, kutsika 5, n'chifukwa chake ambiri amagona m'phirimo usiku umodzi m'matenti. Pamafunika nsapato zolimba pansi popeza miyala yake imadula mphira, ndi chovala chochindikala, pakuti usiku kumazizira ngakhale kunyanja kuli kotentha. Njira imayamba m'minda ya nthochi, kulowa m'nkhalango yonyowa momwe mumakhala kadzidzi wamng'ono wosapezeka kwina kulikonse padziko, kenako tchire lalifupi, mapeto ake phulusa lotuwa ndi chidzenje cha pamwamba, cha makilomita pafupifupi 3 uku ndi 4 uku. Koma chimene chingabweze munthu panjira ndi ludzu. Amaona mitengo yobiriwira, ndere zili lende m'nthambi, n'kuganiza kuti kasupe sangasowe. Palibe. Munthu aliyense ayenera kunyamula malita 4 kapena 5 pa tsiku, ndipo madziwo amachokera m'thanki ya wina kumudzi.

Kumidzi ya kumtunda moyo wonse uli pa thanki. Amaimanga ndi miyala ndi simenti pambali pa nyumba, ngalande za padenga n'kumathiramo. Masamu ake ndi osavuta: milimita imodzi ya mvula pa denga la mita imodzi uku ndi uku imapereka lita imodzi. Denga la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, mvula ya mamilimita 20 ikagwa, ndiye kuti malita 1,000 alowa. Mulungu sanatimane, abale anga. Mauthenga m'mafoni mwathumu ndi mbwee, nyimbo, mapemphero a usiku, maulaliki pa wailesi. Denga lathu ndi lalikulu ndithu. Kayang'aneni thanki.

Mng'alu woopsa ndi uja wosaoneka, wopyapyala, wa pansi pakona pomwe khoma limakumana ndi simenti yapansi. Suchita phokoso. Odziwa amauyesa chonchi: madzulo amalemba ndi makala pakhoma pomwe madzi alekezera, usiku wonse osatunga, m'mawa n'kukaona. Akatsika, thanki ikudontha. Yesani chimodzimodzi ndi mtima wanu. Mtendere umene munagona nawo dzulo mutapemphera, mwadzuka nawo? Ngati watsika popanda wina wokuputani, mng'alu ulipo. Kwa wina ndi chakukhosi ndi m'bale wake chimene akuti chinatha koma sichinathe. Kwa wina ndi ngongole imene akuibisa kwa mkazi wake. Kwa wina ndi foni imene amaigwira asanatchule n'komwe dzina la Yesu. Musakwiye nane, inenso ndikumwa mankhwala omwewa m'mawa uno.

Kumata kwake kuli ndi mwambo. Simungapake simenti pamwamba pa mng'alu madzi ali momwemo, imayoyoka mvula isanathe. Amayamba achotsa madzi onse, kugoba mng'aluwo ndi chizulo kuti ukule pang'ono, kutsuka fumbi, kunyowetsa, kenako kuthira simenti yosakaniza ndi mchenga wosefa bwino, n'kumaiwaza madzi kwa sabata yathunthu kuti isaume mofulumira n'kung'alukanso. Apa pogoba ndi pamene timathawa ambirife. Timafuna kupaka aleluya pamwamba pa tchimo losaululidwa. Kugobako kumapweteka, koma thanki yopakidwa pamwamba imakunamizani mpaka chilimwe chitafika pachimake, ana akulira ludzu.

Ena amati, bwanji osangokumba chitsime? M'mbali mwa nyanja zitsime zilipo, koma madzi abwino kumeneko amayandama pamwamba pa madzi a m'nyanja amene analowa pansi pa miyala. Mukapopa mopitirira muyezo, mumayamba kukoka mchere.

Palinso phulusa. Mu 1977 chiphalaphala cha Karthala chinawononga nyumba zambiri m'mudzi wa Singani, koma mu Epulo ndi Novembala 2005 vuto lalikulu linali phulusa limene linagwera pamadenga n'kulowa m'mathanki osavundikira. Mathanki anali athunthu, madzi ali momwemo, koma osamweka, mpaka madzi akumwa ankachita kubwera pa galimoto. Ku Moroni kuli ofesi yoyang'anira phirili usana ndi usiku, ndipo wanzeru amafunsa kumeneko asanakwere. Phulusa likayamba kugwa, choyamba ndi kuvundikira thanki ndi kuchotsa paipi yochokera padenga. Paipiyo sabwezeretsa mpaka denga litasesedwa ndipo mvula yoyamba yatsuka ngalande n'kutayikira pansi.

Inu amene kwanu phulusa likugwa sabata ino, kaya ndi mawu oipa a kuntchito, kaya miseche ya pamudzi, kaya uthenga wochokera kuchipatala, si zonse zogwa padenga zoyenera kulowa mkati. Chotsani paipi. Nkhani zina zisiyeni zitayikire pansi, musazitengere kuchipinda n'kumazibwereza usiku wonse. Ndipo amene mwapeza mng'alu wanu powerenga mawu ano, munthu uja muimbireni foni lero lomwe, dzuwa lisanalowe.